Galasi la Nsomba za Alamu

Lolemba, 13 Okutobala

6:30. Alamu anyamuka. Akupita ku Lusaka kukatenga katundu, abwera Lamulungu. Asanakwere galimoto andiitanira pa thanki ya nsomba. "Alamu, ndikadzapeza galasi ili lilibe banga ngakhale limodzi, ndidzakupatsani kiyi wa chivundikiro. Zam'kati zonse muziyang'anira ndinu. Mkulu wa ku Lilongwe uja akuti watopa ndi msewu."

Ndangoti chabwino, manja ali m'thumba, ngati munthu amene sizikumukhudza. Zikundikhudza.

Ndilembe bwinobwino mmene zinthu zilili, kuti ndikadzapenga anthu adzadziwe poyambira. Munthu amene analephera Sitandade 8 kawiri, n'kukwatira mlongo wanga Felista, n'kulemera ndi zitenje zodutsa m'malire, anagula nyanja. Nyanja yamchere, pa Kamwendo pano! Thanki yagalasi yotalika ngati bedi, ili m'lesitilanti mwake pakati pa firiji ndi TV. Anabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi nsomba zisanu ndi ziwiri ndi matumba a mchere wake wapadera. Chivundikiro chili ndi loko kuyambira tsiku limene wina anaponyamo mutu wa bonya kuti nsombazo zione m'bale wawo.

Kagawidwe ka ntchito:
M'kati, ndiye kuti madzi, mchere, mapampu: mkulu wa ku Lilongwe. Amabwera kawiri pamwezi, savula n'jekete yomwe.
Kudyetsa: Felista. Kiyi amamanga pangodya ya chitenje.
Kunja kwa galasi: ine. Zaka zitatu za Bayoloje ku yunivesite.

Mayina a Chilatini a nsomba zonsezo ndimawadziwa. Mkulu wa ku Lilongwe amazitchula kuti "kachikasuko" ndi "kabuluuko".

Zida:
nsalu ziwiri, yonyowa ndi youma
botolo la viniga
madzi othira m'batire ya galimoto, chifukwa a pamjigo akauma amasiya mizere yoyera
nyuzipepala zakale

Sopo ayi. Mankhwala opopera ayi. Dontho limodzi litagwera m'kati, nyanja yatha.

Nyuzipepala zilipo zambiri. Chibwerere matipate aliyense ali ndi yake. Ndikupukuta ndi nkhope ya mkulu wina amene analonjeza kuti anthu ophunzira sadzasowa ntchito. Akupukuta bwino ndithu.

9:00. Galasi likuwala moti nsomba zikuoneka ngati zikuyandama mumpweya. Ndaima patali, ndapendeketsa mutu uku ndi uku. Palibe kanthu. Masiku asanu ndi limodzi basi!

9:20. Chala choyamba. Dalaivala wa lole, wangomaliza kumene tchipisi. "Kamizeremizereka kamadyedwa?" Kuloza kwake n'kokanikiza.

9:25. Ndapukuta.

9:40. Wabwera ndi kondakitala wake kuti naye aone.

Madzulo. Ndapukuta kakhumi ndi kanayi. Palibe vuto. Chofunika ndi dongosolo, ndipo dongosolo ndili nalo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mtundu wathu suona ndi maso. Umaona ndi chala.

Zimene ndapeza pagalasi kufika 12 koloko:
zala, zosawerengeka
zikhatho zathunthu zitatu
mphumi ziwiri, imodzi yodzola mafuta ambiri
mphuno
milomo! Ndani akupsompsona nsomba?

Mafunso a lero: "N'za batire?" "Bwanji sizikula?" "Ndiye mchere zili nawo kale, n'kungokazinga basi?" Agogo ena ochokera ku Chiosya aima nthawi yaitali, kenako agogoda galasi ndi ndodo: "Odi kuno." Ndawauza kuti nsomba siziyankha odi. Akuti ngakhale ine sindinawayankhe.

Ndalemba chikwangwani pa katoni, zilembo zazikulu, Chichewa pamwamba Chingerezi m'munsi: MUSAGWIRE GALASI. Ndamata ndi selotepi pangodya yakumanja.

Zotsatira zake: anthu amene sankaiona n'komwe thankiyo tsopano akudzuka pamipando kudzawerenga. Akuwerenga ndi chala. Mnyamata wa kabaza wafunsa ngati galasilo limagwira shoko, ndipo waligwira kuti atsimikize.

Onse pano amanditchula Pulofesa. Amalikoka dzinalo ngati chingamu. Mmodzi yekha sachita nawo: amake Esinati, mayi wa kukhitchini. Iwo amati aphunzitsi, ngakhale sindinaphunzitsepo munthu, ndipo amanena ndi mtima wonse. Kwawo ndi ku Thyolo. Tsiku lonse amakhala kuseri akukwecha mapoto ndi mchenga, phulusa ndi waya, mpaka poto wa nyemba kumaoneramo nkhope. Amagwira ntchito ngati akuthamangitsidwa, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: amene analipo iwo asanabwere alamu anamuchotsa chifukwa cha fulasiki imodzi yosweka.

Lero andibweretsera madzi akumwa osawatuma. "Aphunzitsi, mumakonda zaukhondo inu. Anthu enawa sadziwa."

Mwina m'boma lonse la Mchinji muli anthu awiri oganiza.

Ndapukuta ka 22. Dzanja lamanja likuwawa paphewa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Mdani weniweni si anthu. Ndi mchere.

Pampu imatulutsa thovu. Thovu likaphulika timadontho timadumpha, n'kutulukira pampata wa chivundikiro, n'kuyenderera kunja kwa galasi. Kutentha kwa Okutobala kumamwa madziwo, mchere n'kutsala. M'mawa uno ndapeza mizere yoyera isanu kuchokera pamwamba mpaka pakati, ngati khwangwala anagona pamenepo. M'mphepete mwa chivundikiro mwachita chikhakha cholimba.

Mankhwala ake ndi apafupi. Kutsegula chivundikiro, kupukuta m'mphepete, kusuntha paipi ya mpweya pang'ono kuti thovu lisamaphulikire pagalasi. Mphindi zisanu.

Ndapita kwa Felista. "Achimwene, bambo ake Junior ananena kuti kiyi asachoke pa ine." Ndati utsegule wekha, ine ndingoloza. "Ananenanso kuti pasakhale woloza."

Mwana amene ndinkamubereka powoloka mtsinje popita kusukulu. Ankandikodzera kumsana.

Nthawi yodyetsa ndaimirira pafupi ndi nsalu, kuti akangotsegula ndilowetse dzanja. Watsegula kampata kolowa supuni, wathira, watseka. Wandiyang'ana ngati mbala ya nkhuku.

11:00. Ndachotsa chikwangwani. Selotepi yachoka, guluu wake watsala. Timakona tinayi tonata.

1:30. Kamvuluvulu wochokera kumsewu walowa pakhomo, wazungulira matebulo, watuluka pawindo. Fumbi lonse la msewu wa ku Chipata lasankha kukhala pa guluu. Timakona tinayi tofiira.

Dongosolo latsopano: ndaika mipando inayi kutsogolo kwa thanki ngati mpanda. Anthu akhala pamipandoyo, atembenuza, akuonera nsomba ngati kanema. Wina watsamira mutu.

Botolo la viniga sindikulipeza. Ndafufuza ponseponse. Lili patebulo nambala 3, latsala pang'ono pansi. Felista akuti makasitomala anapempha wothira m'tchipisi.

Ndatenga botolo langa, ndabwerera ku thanki. Ndikalankhula amati ndine wolusa.

Lachinayi, 16 Okutobala

M'mawa wabwino. Mpaka 10 koloko zala zinayi zokha. Mizere ya mchere ndachotsa itatu ndi viniga wotsala uja. Iwiri yakumtunda yakana, chikhakhanso chakana. Koma ndikuyamba kuganiza za zimene ndidzachite ndikalandira kiyi: kusuntha paipi, kuyeza mchere m'mawa uliwonse, kulemba m'kabuku. Mwinanso kajekete koyera.

10:30. Lole yaphulika tayala pakhomo penipeni. Yadzaza matenanti ochokera kummwera, akupita nawo ku esiteti ya fodya kukayamba chaka. Amuna, akazi, ana, mitolo, mphasa, mapoto. Fumbi mpaka m'nsidze. Akhala pamthunzi wa khonde. Mwana mmodzi wasuzumira pakhomo, wakuwa.

Alowa onse!

Sagula kanthu. Angoima duu, kenako pang'onopang'ono akusendera. Mpanda wanga wa mipando aunyamula mwaulemu, auika pambali. Bambo wina wa ku Nsanje akuuza anzake kuti iye nsomba amazidziwa chibadwire ndipo izi si nsomba, n'zopenta. Akupala galasi ndi chikhadabo kuti aone ngati penti ichoke. Mayi wina wanyamula khanda kuti lione. Khanda laika manja onse awiri, lanyambita, lamva mchere, lanyambitanso.

Ndakalipa. Mawu enieni sindilemba. Ndatchulapo za kumudzi, za kusamba, ndi zoti ena sanaonepo galasi chibadwire. Atuluka mwakachetechete. Mayi uja watembenuka pakhomo, wapinda bondo: "Pepani bwana."

Bwana. Chikhala kuti akudziwa.

Amake Esinati anali pakhomo la khitchini. Sanandidzudzule. Angoti, "Ifenso tinabwera pa lole ngati imeneyi, aphunzitsi. Bambo a Esinati anatsalira komweko ku esiteti." Atenga ndowa ya madzi ndi kapu, apita nazo pakhonde.

Ndakhala ndi nsalu m'manja. Galasi kuyambira m'chiuno kutsika pansi ndi timanja tokhatokha ta dothi lofiira.

12:15. Ndatuluka. Ndauza ana kuti alowe asanuasanu, manja kumbuyo, ndiwafotokozere. Osati chifukwa cha chisoni. Galasi linali litada kale. Ndawauza kuti kamizeremizere kaja konse kamabadwa kakamuna, ndipo kakakulu pagulu kamasanduka kakakazi. Bambo wa ku Nsanje akuti tsopano watsimikiza kuti ndine wabodza. Ana amvetsera kukamwa kuli yasa. Kamtsikana kena kafunsa ngati nsombazo zimadziwa kuti kwawo n'kutali.

Manja kumbuyo anakhalako mphindi imodzi.

Ndapukuta mpaka 5 koloko, ndi madzi okha. Viniga watha.

Lachisanu, 17 Okutobala

Tsiku loipa.

Magolosale onse a pano ndayenda. Viniga palibe. Mmodzi wandipatsa mandimu awiri. Mandimu achotsa theka la mzere, asiya timinofu ndi fungo, ntchentche zabwera.

Guluu ndayesa kupala ndi lezala. Wachoka kona imodzi. Chala changa chachekeka. Tsopano pali guluu, fumbi ndi magazi. Felista akuti ndiyese palafini. Palafini, pafupi ndi pampu yokoka mpweya! Ndamufunsa ngati akufuna nsomba zokazingiratu.

12:40. Galimoto yoyera yaitali yaima panja, ya bungwe lina la zachitukuko, mlongoti wa wailesi pamphuno. Watsika Lameki.

Lameki! Tinkagona chipinda chimodzi chaka choyamba. Ankakopera malipoti anga a mu labu mpaka ndi zolakwika zomwe. Tsopano mimba, tayi, foni ya m'manja palamba ngati mfuti.

Ndinali nditagwada, nsalu paphewa, nyuzipepala m'manja. Kothawira kunalibe.

"Aise! Ndiwe? Unangosowa osatsanzika!" Wandikumbatira. Ndamuuza kuti ndikuthandiza alamu pa nkhani ya zamoyo za m'nyanja, ngati katswiri. Wagwedeza mutu mwaulemu. Nthawi yomweyo Felista wakuwa ali pa kauntala: "Achimwene, mukatha apo mupukutenso chitseko cha firiji!"

Lameki wayang'ana nsomba. Anachita bwino.

Wadya nkhuku. Wandiitana kuti tidye limodzi, ndati ndadya kale. Wafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndati ndinachoka ndekha, maphunziro ake anali osazama. Ndimayankha choncho nthawi zonse. Zoona zake akuzidziwa, anabwera kumaliro a bambo. Ndinabwera kudzaika maliro, ndinapeza fodya ali m'munda, mayi akudwala, Felista ali Fomu 2. Ndinati ndibwerera temu yamawa. Temu yamawa ija ndi ino.

Potuluka waima pa thanki, wagogoda ndi chala cha mafuta a nkhuku, mphete ikulira pagalasi. "Uyu ndi uja tinaphunzira chaka chachiwiri, eti? Dzina lake ndani paja?" Ndamuuza. "Mutu umenewu, aise. Mutu umenewu!" Wandipatsa kakhadi kake. N'kolimba bwino, ndapalira guluu.

4:00. Ndakhala kuseri kwa khitchini pa mtondo wozondotsa. Sindikudziwa chifukwa chake ndayamba kulankhula. Ndauza amake Esinati zonse: za kiyi, za Lamulungu, za chikhakha chosamva nsalu. Ndati chikapanda kuchoka ndidzafa ndikupukuta kunja kwa zinthu za anthu ena. Iwo amangokwecha poto, osadukiza.

Pomaliza akuti, "Musadandaule aphunzitsi. Mulungu amaona anthu olimbika."

Ngati amaona, amaonera pagalasi loyera kuposa langa.

Mawa m'mamawa ndipita kuboma kukasaka viniga.

Loweruka, 18 Okutobala

6:00. Ndapukuta, ndaphimba thanki ndi nsalu ya patebulo, ndakwera minibasi. Felista kulibe lero, wapita kuchilangizo cha ukwati kwa Zulu.

Kuboma viniga ndamupeza sitolo yachitatu. Mabotolo awiri. Pobwerera minibasi yadikira kudzaza ola lathunthu, kenako yaima paliponse pamene pali munthu woimirira, ngakhale amene akungokodza.

11:10. Ndafika. Nsalu yachotsedwa. Amake Esinati aima pambali pa thanki, manja onyowa, nkhope yonse mano. Pansi pali beseni lawo. Mchenga. Phulusa. Waya wa mapoto.

"Aphunzitsi, bwerani muone! Chachoka chonse!"

Chachokadi. Chikhakha palibe. Mizere palibe. Guluu palibe. Galasi lonyowa likunyezimira kuposa tsiku limene linabwera. Kwa kanthawi ndinakhulupirira.

Kenako layamba kuuma.

Kuyambira pamwamba kutsika, mbali yonse yakumanja, chifunga. Mizere yozungulirazungulira masauzande, yosalala bwino, ya munthu wodziwa ntchito yake. Nsomba ikalowa mbali imeneyo ikusanduka mthunzi wachikasu, ikatulukira kumanzere n'kukhalanso nsomba.

Ndathira viniga. Chifunga chachoka. Wauma. Chabwerera.

Iwo akuyang'ana galasi, akuyang'ana ine. Kumwetulira kukuchepa pang'onopang'ono. "Ndi phulusa latsalira, eti? Nditsukuluze?" Atsukuluza. Lauma. Atsukuluzanso.

"Ndinayamba 7 koloko," akutero. "Panali polimba pamwambapa. Ndinachita kukwera pampando."

Zala zawo zasupuka.

Lilime langa aliyense pano amalidziwa. Linaliritsapo mphunzitsi wa sekondale, dzana lomweli lathamangitsa lole yathunthu. Mawu anabwera, anafika pammero, abwinoabwino, okonzeka. Ndatsegula pakamwa. Chotuluka: "Mwagwira ntchito, mayi."

Amvetsa. Akhala pansi pomwepo pa simenti, agwira kumutu. "Mayo ine. Ana anga ndipita nawo kuti?"

Ndawauza kuti achotse beseni msanga ndipo asauze munthu. Galasi lokalika limakonzeka, ndatero, tinaphunzira. Sitinaphunzire.

Zimene ndayesa masana onse:
mankhwala otsukira mano, chubu chathunthu. Galasi likununkhira bwino. Basi.
polishi wa nsapato wopanda mtundu. Ayi.
kupemphera, mwachidule
mafuta odzola a m'botolo. Aha!

Mafuta alowa m'mizere, chifunga chazimiririka. Ukaima pakhomo sungadziwe. Ndapaka mbali yonse mopyapyala, kutali ndi chivundikiro. Amake Esinati aomba m'manja. Dalaivala wina akuti lero nsomba zikuoneka zonenepa.

5:30. Felista wabwera, wadyetsa, sanaone kanthu. Mwina. Mwina!

Lamulungu, 19 Okutobala

6:15. Mafuta agwira:
fumbi
tizilombo touluka tosawerengeka, tina tikadapalapata
nthenga ya nkhuku
gulugufe mmodzi

Mbali yakumanja ikuoneka ngati msampha. Kupakanso kwina kukungosakaniza matope. Ndatsuka zonse ndi viniga, botolo lathunthu. Chifunga chabwerera pamalo pake, choyera bwino, chopanda banga lililonse.

Kutchalitchi sindinapite. Ndapukuta mbali yakumanzere mpaka ikulira. Bola theka.

Amake Esinati abwera atavala zakutchalitchi, koma nawonso sanapite. Kuseri kwa chitseko cha khitchini ndaona kamtolo, amangiratu: kapu yawo, mbale, chitenje chogwirira ntchito.

2:10. Hutala. Alamu atsika, magalasi akuda, thumba la maapozi. Sanapereke n'moni womwe, alunjika pa thanki. Avula magalasi. Avalanso. Avulanso. Apaka malovu pachala, apukuta, ayembekeza kuti paume.

"Ichi n'chiyani?"

Felista ali pa kauntala. Makasitomala anayi asiya kutafuna. Amake Esinati atuluka m'khitchini, manja kutsogolo, ayamba kugwada. "Bwana..."

"Ndine," ndatero. Mokweza, kuti mawu awo asamveke. "Mchere unakana. Ndinakwecha ndi mchenga."

Alamu atembenuka, andiyang'ana.

Ndimayembekezera kukalipa. Kukalipa ndikanakupirira. Alamu aseka. Aseka mpaka kugwira firiji. "Zaka zitatu ku yunivesite, alamu! Zitatu! N'kumakwecha galasi ndi mchenga ngati poto? Ine wa Sitandade 8 sindingachite zimenezo!" Aitana dalaivala wawo kuti adzaone. Aitana wa golosale yoyandikana nayo. Pofika mawa nkhaniyi ikhala itadutsa m'malire popanda pasipoti.

Atembenukira kwa amake Esinati: "Nanga inu mwagwadiranji? Kapangeni tiyi."

Felista wayang'ana manja anga, wayang'ana zala za amake Esinati zomanga tinsanza. Wapita kukalandira maapozi.

Chigamulo:
Kiyi akhalabe pa chitenje.
Mkulu wa ku Lilongwe amuimbira foni, amunyengerera.
Galasi latsopano n'kosatheka, thanki yonse njomatira pamodzi.
Mbali yakumanja amatapo kalendala ya kampani ya feteleza, ya chithunzi cha chimanga. Amata okha, ndi selotepi.

Ndafunsa ngati ntchito yanga yatha. "Ayi alamu, kunjako pitirizani. Palibenso choti muwononge."

4:30. Nsomba zisanu ndi ziwiri zonse zili bwino. Sizikudziwa kanthu. Zikulowa kuseri kwa chimanga, zikutuluka.

Amake Esinati andipeza kuseri. Kamtolo kaja amasula. Aika kapu ya tiyi pamtondo, wamkaka, umene pano amamwa alamu okha. Akupotokola ngodya ya chitenje.

"Aphunzitsi, bwanji simunanene?"

Ndawauza kuti asadzinamize. Ndikananena kuti ndi iwo, alamu akanadziwa kuti pa nyumba ino pali munthu amene amagwira ntchito kuposa ine, ndipo zimenezo sindingalole.

Aseka, kenako apukuta m'maso, abwerera ku mapoto awo.

M'lesitilanti mwalowa banja lochokera kutchalitchi, ana atatu. Ndikuwamva akuthamangira ku thanki. Ndidzuka, koma ndithe kaye tiyiyu. Athira shuga wambiri zedi.